ATULUTSE ASILIKALI? WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Pali mfuu imene imamveka mu Lilongwe nthaŵi zonse achifwamba akachita zoopsa. Sitolo ikathyoledwa ku Old Town, mlonda akapezeka atakhapidwa kumayadi, kapena munthu akalandidwa ndalama dzuŵa likuswa mtengo potuluka m'banki ku City Centre, mau ake amakhala amodzimodzi m'minibasi, m'maofesi ndi m'makomo mwathu: "Apolisi alephera! Boma litulutse asilikali a ku Kamuzu Barracks, athane nazo mbava zimenezi!" Mau ameneŵa amatuluka m'mitima ya anthu amene ali ndi mantha enieni, ndipo sitiyenera kuŵaseka, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Komabe ife tikuti mfuu imeneyi njolakwika, ndipo boma lililonse limene lingaimvere lidzakhala litanyenga anthu ake. Asilikali angathe kuopseza mbava kwa masabata oŵerengeka, koma sangathe kuchiza nthenda imene ikudya mzinda wathu. Mankhwala otere akadzazoloŵereka, adzayamba kupweteka amphaŵi, ndipo pambuyo pake adzatipweteka tonsefe.

Mkangano umenewu suli kwathu kokha kuno. Ku America mizinda yambiri ili ndi apolisi akeake, olamulidwa ndi akuluakulu a mizindayo. Pa 11 Ogasiti 2025, Pulezidenti Donald Trump adatenga ulamuliro wa apolisi a mzinda wa Washington kwa masiku 30, natumizanso asilikali a National Guard m'miseu, ponena kuti umbanda wanyanya. Ena adaomba m'manja, ena adathamangira ku makhoti. Koma aŵerengi azindikire kuti kuno kwathu zinthu nzosiyana.  Wapolisi wa ku Lingadzi, wa ku Kawale, wa ku Kanengo ndi wa ku Area 3, onseŵa ali m'gulu limodzi la dziko lonse, lolamulidwa kuchokera ku Area 30, ndipo mkulu wawo amasankhidwa ndi Pulezidenti ndi kuvomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo. Tsono boma lalikulu lidaloŵa kale m'miseu yathu. Munthu akati boma liwonjezere mphamvu, palibe china chimene akupempha koma gulu la nkhondo.

NTCHITO ZIŴIRI ZOSIYANA

Msilikali ndi wapolisi onse amavala yunifolomu, onse amaguba, onse amadziŵa mfuti. Koma ntchito zawo nzotalikirana ngati ya mlenje ndi ya mbusa. Msilikali amaphunzitsidwa kukumana ndi mdani amene waima patsogolo pake, ndi kumugonjetsa msanga ndi mphamvu zonse. Wapolisi amakumana ndi nzika inzake, imene lamulo limati njosalakwa kufikira bwalo la milandu litaipeza yolakwa. Ayenera kufunsa mboni, kusunga umboni, kulemba chikalata cha mlandu, ndi kupita naye munthuyo ku khoti asanathe maola 48, monga momwe malamulo oyendetsera dziko a 1994 amanenera.

Tiyeni tifunse bwino: kodi wachifwamba amaopa chiyani? Saopa galimoto lankhondo loima pa mlatho wa Lilongwe, chifukwa amaliwona ali kutali, nkudzera njira ina. Chimene amaopa ndicho kudziŵika dzina, kugwidwa, ndi kupezeka wolakwa pamaso pa woweruza. Achifwamba sakhala ndi mbendera kapena malo a zithando. Masana ndi anthu ngati ife tomwe: wina amakhala pa depoti, wina amagula katundu wakuba ndi kumugulitsa pa msika poyera, wina ndi wantchito amene adaulula kumene bwana amasunga makiyi. Woŵapeza anthu otere ndi wapolisi wofufuza amene wakhala zaka m'dera limodzi, amene amai ogulitsa mandasi amamukhulupirira mpaka kumunong'oneza dzina. Akuluakulu adati kuwona maso a nkhono nkudekha. Kudekha kotere sikuphunzitsidwa pa bwalo la perete.

ZIMENE ANZATHU ADAZIWONA

Njira imene tikuilirayi ena adaiyenda kale, ndipo mapazi awo akuwoneka. Mu Disembala 2006, Pulezidenti Felipe Calderón wa ku Mexico adatumiza asilikali kuti akathane ndi magulu ogulitsa mankhwala ozunguza bongo. M'chaka cha 2007 anthu ophedwa m'dzikomo adali pafupifupi 9,000. Pofika 2011 chiŵerengero chidapitirira 27,000. Magulu aakulu adasweka, koma zidutswa zake zidayamba kuphana zokhazokha ndi kupha anthu wamba.

Ku Brazil, mu Febuluwale 2018, Pulezidenti Michel Temer adapereka chitetezo chonse cha chigawo cha Rio de Janeiro m'manja mwa mkulu wa asilikali. Kuba katundu wa m'malole kudachepa ndithu, ndipo eni chuma adakondwa; koma m'chaka chomwecho anthu ophedwa ndi achitetezo adapitirira 1,500, ambiri mwa iwo anyamata a m'midzi ya amphaŵi ya m'mapiri a mzindawo. Pafupi ndi kwathu kuno, mu Julayi 2019, boma la South Africa lidatumiza asilikali oposa 1,000 ku Cape Flats, mu mzinda wa Cape Town. Adakhalako miyezi ingapo, nabwerera. Magulu a zigaŵenga adatsala pomwepo. Mu Epulo 2020, pa nthaŵi ya mliri wa Covid-19, bambo wina dzina lake Collins Khosa adamwalira atamenyedwa ndi asilikali pakhomo pake penipeni ku Alexandra, mu Johannesburg. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

NDANI ADZALAŴE CHIKOTI?

Kuti timvetse amene adzasenze mtolo umenewu, tiyang'ane mamangidwe a mzinda wathu. Pa kalembera wa 1966, Lilongwe adali ndi anthu osakwana 20,000. Bungwe la Capital City Development Corporation lidakhazikitsidwa mu 1968, likulu lidasamukira kuno kuchoka ku Zomba mu 1975, ndipo amene adajambula mapu adagaŵa mzinda m'magulu: maofesi ku Capital Hill ndi ku City Centre, malonda ku Old Town, mabwana ku Area 10, 11, 12 ndi 43 pakati pa mitengo, antchito kutali. Pa kalembera wa 2018 anthu adakwana 989,318. Ochuluka mwa iwo adadzipezera okha pokhala, pamalo pamene mapu sadaŵaganizire. Nchifukwa chake Mtandire adatsamira Area 47, ndipo Kauma ali kuseri kwa Area 12. Mlonda, wophika ndi wosamala maluŵa wa kumayadi amachokera kumeneko, akuyenda pansi mbandakucha ndi usiku.

Tsono asilikali akatuluka, kodi adzagogoda pa zipata za ku Area 10 ndi kufunsa bwana kumene adapeza galimoto lachitatu? Iyayi. Adzaima pa njira za kumapazi zochokera ku Mtandire ndi ku Kauma, pa depoti ya mabasi, pa msika wa Tsoka ndi m'mbali mwa mseu wa Malangalanga. Wogwetsedwa pansi ndi kuuzidwa kuti adumphe ngati chule adzakhala mlonda wanu yemweyo, wa kabaza, ndi mwana wa sukulu wochedwa pobwerera. Ndipo tisaiŵale kuti umbanda umaluma kwambiri anthu omweŵa, amene alibe mpanda wa njerwa, alibe waya wa magetsi, alibe kampani ya alonda yoti aiimbire foni. Iwo adzalumidwa kaŵiri: usiku ndi mbava, masana ndi oŵateteza.

Izi si zongoganizira. Kwa zaka zambirimbiri lamulo la vakabu, limene atsamunda adatisiyira, lidali ukonde wokokera amphaŵi m'zitokosi. Lidagwa mu Januwale 2017, pamene bwalo lalikulu lidagamula mokomera Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene adagwidwa usiku akulaŵirira ku msika wa Limbe. Mu 2022 bwalo lalikulu lidanenanso kuti mchitidwe wosesa anthu mwachisawawa, osaŵauza ndi mlandu womwe, ngwosemphana ndi malamulo a dziko. Mu Meyi 2023 tidawona apolisi, mothandizidwa ndi asilikali, akusonkhanitsa anthu othaŵa kwawo amene ankachita malonda mu Lilongwe; mazanamazana, ana omwe, adakagonekedwa ku ndende ya Maula asanatumizidwe ku Dzaleka. Maula yomweyo njodzaza kale kupitirira muyeso wake, ngakhale kuti mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti lidalamula boma kuti lichepetse kuthithikana m'ndende. Kodi mnyamata wosalakwa akagona miyezi itatu pakati pa akatswiri a umbanda, amatulukamo ali wotani? Timakhala tamulipirira sukulu ya uchifwamba ndi misonkho yathu.

Ndipo amene akuganiza kuti kubwezera mwaukali kumabweretsa bata akumbukire Msundwe. Pa 8 Okutobala 2019 gulu la anthu lidapha wapolisi, Usumani Imedi, pomugenda ndi miyala. Imeneyo idali mbanda yoopsa, yoyenera chilango. Koma chimene chidatsatira chidali chiyani? Mu Ogasiti 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda adapeza kuti amai ndi atsikana 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu adagwiriridwa kapena kuchitidwa zamanyazi ndi apolisi amene adapita kumeneko, nalamula kuti apatsidwe chipepeso. Anthu onyamula mfuti akatumizidwa kukalanga dera lonse m'malo mofufuza munthu mmodzi, zotsatira zake zimakhala zimenezo, kaya avala yunifolomu ya mtundu wanji.

KHOSWE WA PA MKHATE

Tsopano tifike pa chimake cha nkhani. Zoopsa zazikulu zimene mzinda uno udaziwona sizidachitike chifukwa chosoŵa mfuti za boma. Usiku wa pa 13 Seputembala 2013, Paul Mphwiyo, mkulu woyang'anira bajeti ya dziko, adawomberedwa pa chipata cha nyumba yake ku Area 43. Chipolopolo chimenecho ndicho chidavundukula kubedwa kwa ndalama za boma ku Capital Hill, kumene kudatchedwa Cashgate, ndipo mu 2016 mmodzi mwa amene khoti lidaŵapeza olakwa pa chiŵembucho adali munthu amene kale adali nduna ya zamalamulo. Mu Julayi 2015, Issa Njauju, mmodzi mwa akuluakulu a bungwe lothana ndi ziphuphu, adaphedwa; mtembo wake udapezeka utakwiriridwa pafupi ndi mtsinje wa Lilongwe, galimoto lake litatenthedwa, ndipo zaka zidadutsa mlandu wake osawoneka mutu wake. Mu Febuluwale 2019, Buleya Lule, amene ankaganiziridwa pa nkhani ya kubedwa kwa mnyamata wachialubino ku Dedza, adafera m'manja mwa apolisi mu Lilongwe. Bungwe la boma loona za ufulu wa anthu lidapeza kuti adazunzidwa, ndipo apolisi angapo adamangidwa pambuyo pake. Zonse zimene munthuyo akadaulula m'khoti adapita nazo kumanda. Kodi ndi uti mwa milandu imeneyi umene gulu la asilikali loima pa Bwalo la Njobvu likadauletsa?

Koma umboni woposa wonse ndi wa pa 26 Juni 2025. Pa tsikulo anthu adasonkhana pa Community Ground kuti achite zionetsero zokhudza kayendetsedwe ka chisankho. Amuna onyamula zikwanje adafika, nakhapa Sylvester Namiwa, mmodzi mwa otsogolera, masanasana, anthu akujambula pa mafoni. Apolisi adalipo. Asilikali adalipo. Mfuti zidalipo zokwanira. Komabe achiŵembuwo adachita zimene adadzera, nachoka. Inu amene mukuti atulutse asilikali, tsiku limenelo adatuluka. Nanga chidasoŵa nchiyani? Chidasoŵa ndi ufulu wa munthu wa yunifolomu wogwira wolakwa popanda kuyamba wadzifunsa kuti, "Kodi ameneyu ndi mwana wa yani?" Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Khoswe ameneyu ngwakale, ndipo wakhala pa mikhate ya zipani zosiyanasiyana. M'nthaŵi ya chipani chimodzi tidali ndi a Payoniya, amene adali ndi mfuti zawozawo ndipo wapolisi sankaŵakhudza wamba. Ambiri mwa aŵerengi athu akukumbukira kuti kalata ya Aepiskopi ya pa 8 Malichi 1992 itaŵerengedwa, nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka idatenthedwa. M'nthaŵi ya UDF tidamva za a Young Democrats. Pa 19 Julayi 2011 anyamata a chipani cholamula cha DPP adayendayenda m'miseu ya Blantyre pa magalimoto, akunola zikwanje poyera. Pa zionetsero zimene zidayamba m'maŵa mwake anthu 20 adafa m'dziko muno, ambiri mwa iwo ndi zipolopolo za apolisi. Chaka chomwecho ndi chimene Pulezidenti Bingu wa Mutharika adauza apolisi kuti mbava aziziwombera. Lamulo la pakamwa limenelo lidachotsedwa mu 2012, koma maganizo ake akadali m'mitu mwa ambiri. Mnyamata amene lero wapatsidwa chikwanje ndi kachasu kuti akabalalitse msonkhano, nawona kuti palibe womugwira, kodi chisankho chikatha chikwanjecho amakachitaya ku mtsinje? Amabwera nacho pa zenera lanu.

TISAMWAZE ULEMU WA ASILIKALI ATHU

Wina adzati: "Nanga si asilikali omweŵa adatipulumutsa mu 1993?" Nzoona. Pa 3 Disembala 1993, a Payoniya atapha asilikali aŵiri ku Mzuzu, gulu la nkhondo lidayamba Operation Bwezani, ndipo mfuti zidalira mu Lilongwe muno, ku Youth House ndi ku likulu la chipani ku City Centre. Koma taonani kusiyana kwake: a Payoniya adali gulu la zida, lokhala ndi malo ake odziŵika ndi akuluakulu ake. Imeneyo idali ntchito ya asilikali, ndipo adaigwira m'masiku oŵerengeka. Ngakhale apo, ambiri adathaŵira ku Mozambique ndi zida zawo, pa nthaŵi imene mfuti zotsala pa nkhondo ya m'dzikomo, imene idatha mu 1992, zinkadutsa malire mosavuta. Kuthyola gulu kudatenga sabata. Kutolera mfuti ndi kugwira achifwamba a zaka zotsatira idatsala ntchito ya apolisi.

Amalaŵi amalemekeza asilikali awo, ndipo pali chifukwa. Mu Epulo 2012, Pulezidenti atamwalira, General Henry Odillo adaima pa malamulo, ndipo mpando udapita kwa mai Joyce Banda mwamtendere. Mu 2019 ndi 2020, pansi pa General Vincent Nundwe, asilikali adaperekeza anthu a zionetsero kuchokera ku Old Town mpaka ku Capital Hill, anthu akuŵaimbira m'manja. Ulemu umenewu udabwera chifukwa chakuti msilikali sitikumana naye tsiku ndi tsiku. Sanatipemphepo ya fanta pa mseu, sanatilandepo laisensi. Muikeni pa mseu chaka chathunthu, azisecha matumba a amai ndi kukangana ndi makondakitala, mudzawona kuti mayesero amene adagwetsa ena adzamugwetsa nayenso. Pamenepo tidzakhala tataya nkhokwe yotsiriza ya chikhulupiriro, ndipo tsiku limene dziko lidzagwedezekenso sipadzakhala woti onse amumvere. Malamulo athu amalola asilikali kuthandiza boma pa ngozi ndi pa chipwirikiti chachikulu. Zikhale choncho: kwa masiku oŵerengeka, pa chifukwa chodziŵika, Nyumba ya Malamulo ikuyang'anira. Nkhwangwa ndi yodulira mtengo, si yometera mwana.

TIPEMPHE ZIMENE ZINGATITHANDIZE

Kukana asilikali sikutanthauza kupinda manja. Mzinda wa Glasgow ku Scotland udatchuka ndi kubayana ndi mipeni. Mu 2005 apolisi akumeneko adakhazikitsa nthambi yogwira ntchito pamodzi ndi madokotala, aphunzitsi ndi olemba anthu ntchito, kulondola anyamata oŵerengeka amene ankayambitsa ziwawa zambiri, kuŵachenjeza mwamphamvu ndi kuŵatsekulira njira ina. Patapita zaka khumi, chiŵerengero cha ophedwa mu Scotland chidatsika pafupifupi ndi theka, popanda msilikali ndi mmodzi yemwe pa mseu.

Tsono phungu wanu ndi khansala wanu akabwera, musaŵapemphe magalimoto ankhondo. Afunseni kuti polisi ya m'dera lanu ili ndi magalimoto angati oyenda, ndipo imalandira mafuta ochuluka bwanji pa mwezi, kuti munthu wothyoledwa nyumba asamauzidwe kuti apeze yekha galimoto lodzatengera apolisi. Afunseni kuti apolisi angati akulondera nyumba ndi maulendo a akuluakulu, ndipo angati akufufuza milandu. Afunseni za nyumba ndi malipiro a wapolisi wamng'ono, pakuti munthu wanjala wonyamula mfuti ndi ngozi kwa tonse. Afunseni kuti mwa milandu ya kupha ndi ya uchifwamba ya chaka chatha, ingati idafika pa chigamulo. Chiŵerengero chimenecho chizilengezedwa poyera. Bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi lidalembedwa m'lamulo la 2010, koma lidatenga zaka pafupifupi khumi kuti liyambe ntchito. Lipatsidwe ndalama ndi mano. Khonsolo ya mzinda iike magetsi m'njira zimene anthu oyenda pansi amadutsa, osati m'miseu ya magalimoto a mabwana yokha. Koposa zonse, chipani chilichonse chimene chili m'boma chichotse dzanja lake pa phewa la wapolisi, ndipo wonyamula chikwanje agwidwe tsiku lomwelo, osati kudikira kuti boma lisinthe.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Chitetezo cha m'madera, chimene apolisi adachiyambitsa mu 1997, chimafooka pamene a kumayadi angotumiza ndalama osabwera ku msonkhano, ndi pamene achitetezowo asanduka omenya anthu. Komiti ya ku Area 47 izikhala pansi pamodzi ndi ya ku Mtandire, chifukwa mbava imene ikuvutitsa onseŵa ndi imodzi, ndipo chala chimodzi sichiswa nsabwe. Inu bambo amene mumagula foni ya mtengo wozizira pa mseu osafunsa kumene yachokera, dziŵani kuti ndinu msika wa wachifwamba. Inu mai amene mwana wanu amabwera ndi katundu usiku inu nkungolandira, mukulera chimene chidzakulizeni. Inu bwana amene mumalipira mlonda ndalama zosakwana thumba la chimanga, mwaika njala pa chipata chanu kuti ikulondereni. Ndipo ife tonse amene timathamangira ndi miyala ndi matayala tikamva kuti "Wakuba!", tizindikire kuti kutentha munthu osamuzenga mlandu ndi kuitana asilikali kuti adzamenye osafunsa ndi mtima umodzi womwewo: mtima wofuna chilango popanda chilungamo.

Mzinda umakhala pa mtendere pamene wolakwa adziŵa kuti adzagwidwa ngakhale akhale mwana wa yani, ndipo wosalakwa adziŵa kuti sadzagwidwa ngakhale akhale wa ku Mtandire. Zinthu ziŵiri zimenezi sizituluka m'kamwa mwa mfuti. Zimamangidwa pang'onopang'ono, ndi apolisi omasuka, makhoti ofulumira ndi nzika zosabisa mbava. Amene akutilonjeza njira yachidule atiwonetse kaye kumene idafikitsa anthu a ku Mexico, a ku Rio de Janeiro ndi a ku Cape Flats. Ife tisalire mvula imene matope ake adzaterereza ana athu omwe.